Ku Swartland, komwe mipesa yokalamba idapulumuka nkhwangwa

Amalawi ambiri akati akupita ku Joni, ulendo wawo umathera pa Park Station mu Johannesburg. Olimba mtima amawonjezera makilomita ena pafupifupi 1,400 mpaka ku Cape Town, ndipo zithunzi zawo timazidziwa tonse: Table Mountain kumbuyo, nyanja pambali, jekete yatsopano pathupi. Koma kuli msewu wina umene suonekaoneka pa Facebook. Dzina lake ndi N7, ndipo umatuluka mu mzindawu kulunjika kumpoto, ku malire a Namibia. Mukayenda nawo ola limodzi lokha, nyumba zosanja zimatha, kamphepo ka kunyanja kamatsalira m'mbuyo, ndipo mumalowa m'dera la timapiri tosalala lotchedwa Swartland.

M'chilankhulo cha Afrikaans dzinali likutanthauza dziko lakuda. Sikuti dothi ndiye lakuda ayi. Dzinali lidachokera ku chitsamba chotchedwa renosterbos, chimene kale chidakuta dera lonselo ndipo chimaoneka chodera, makamaka chikanyowa ndi mvula. Lero chitsambacho chidatsala m'mapiri ndi m'malire a minda basi, poti malo ake adalanda ndi tirigu. Mukafika mu Ogasiti maso amakhuta: tirigu wobiriwira mbali iyi, maluwa achikasu a canola mbali iyo, mpaka kumene maso alekezera. Mukafika mu Febuluwale mungaganize kuti basi yakutsitsani polakwika. Minda yauma gwa, kwangotsala ziputu za tirigu, fumbi lili koboo, dzuwa likuswa mtengo ngati la ku Nsanje mu Okutobala.

Kalendala ya kumeneko ndi yotembenuzika. Mvula imagwa nthawi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pomwe kwathu kuno tikuotha moto kumwamba kuli mbee. Miyezi imene ife timakhala m'matope kupalira ndi kubandira chimanga, uko mvula ndi mlendo wosowa. Ndiye m'chilimwe chouma chotero, chobiriwira chimene chimakopa maso ndi timitengo tatifupi, tolekeza m'mawondo kapena m'chiuno, tobzalidwa patalipatali m'mbali mwa phiri la Paardeberg. Munthu wosadziwa angati ndi chinangwa chomwe mwini wake adachitaya. Imeneyo ndi mipesa, ndipo yambiri mwa iyo ndi mtundu umene dziko lonse limautcha Chenin Blanc, pomwe alimi achikulire a kumeneko amangoti Steen. Amati ndi mphesa zoyera, koma musayembekezere kuyera kwa ufa. Zikapsa zimakhala zobiriwira mopita kuchikasu, ngati gwafa amene wangoyamba kufewa.

Kwawo kwenikweni kwa mphesayi ndi ku France, m'chigwa cha mtsinje wa Loire, komwe amapangira vinyo wa mayina ngati Vouvray ndi Savennières. Koma mwana wobwera adakula kuposa eni mudzi. Lero South Africa ili ndi minda ya Chenin yochuluka kuposa France yeniyeniyo, ndipo pa mahekitala 100 alionse a mphesa za vinyo m'dzikolo, pafupifupi 18 ndi a mtundu umenewu. Palibe mtundu wina woupitirira.

Mbiri yake ku Cape imayamba ndi zombo. Mu 1652 Jan van Riebeeck adafika kudzakhazikitsa malo oti zombo za kampani ya Dutch East India Company zizipezapo madzi ndi chakudya pa ulendo wa ku Asia. Mipesa yoyamba idabzalidwa mu 1655, ndipo pa 2 Febuluwale 1659 adafinya vinyo woyamba. Steen ili m'gulu la mitundu yakale kwambiri kumeneko, yakale moti alimi adafika poiwala kumene idachokera n'kumaiyesa yawoyawo. Mpaka m'zaka za m'ma 1960, pamene Pulofesa C.J. Orffer wa pa yunivesite ya Stellenbosch adafananitsa masamba a Steen ndi a Chenin Blanc wochokera ku France, n'kupeza kuti ndi chomera chimodzi. Zaka 300 munthu akukhala ndi mlendo m'nyumba osadziwa mfunda wake.

Timabuku ta alendo timakonda kulumpha funso la amene adakumba mayenje a mipesa imeneyi. Malo adalandidwa kwa Akhoikhoi, amene ankadyetsako ng'ombe ndi nkhosa. Ntchito idagwiridwa ndi akapolo, amene adayamba kufika ochuluka mu 1658, ndipo m'zaka zotsatira ankatengedwa ku Madagascar, India, zilumba za Indonesia komanso ku Mozambique, kwa aneba athu enieniwa. Gombe la Clifton, lomwe achinyamata amakajambulitsa lero, lili ndi nkhani yake. Pa 27 Disembala 1794 chombo cha Apwitikizi chotchedwa São José, chimene chidanyamula akapolo ku chilumba cha Mozambique kupita nawo ku Brazil, chidasweka pamiyala pafupi ndi gombelo. Anthu oposa 200 adamira. Opulumuka sadamasulidwe, adagulitsidwa komweko ku Cape. Ukapolo udathetsedwa mu 1834, koma omasulidwawo adakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1838.

Ukapolo utatha kudatsala mchitidwe umene umatchedwa dop. Mwini famu ankapereka vinyo kwa antchito ake kangapo patsiku ngati gawo la malipiro. Taganizani, munthu kulandira mowa m'malo mwa ndalama, m'mawa, masana ndi madzulo, bambo, mayi, ngakhale mnyamata wongoyamba ntchito. Lamulo lidaletsa izi kuyambira m'zaka za m'ma 1960, koma m'mafamu ena zidapitirira mpaka m'ma 1990. Zipsera zake zikadalipo. Madera ena a mafamu ku Western Cape ali m'gulu la malo amene padziko lonse pamabadwa ana ambiri owonongeka ubongo chifukwa mayi ankamwa mowa ali woyembekezera. Amene akuyenda m'minda yokongolayi ndi foni m'manja ayenera kuzidziwa zimenezi, apo ayi akungoona theka la malowo.

Kwa zaka zambiri Steen idali bulu wa pafamu. Imabereka kwambiri ikapatsidwa madzi, imapirira kutentha, ndipo ili ndi khalidwe limodzi losowa: ngakhale dzuwa liwombe chotani, madzi ake sataya kuwawasa kwake. Mphesa zambiri zikapsa pa dzuwa lotere zimangotsekemera zii, vinyo wake n'kukhala wolefuka. Chenin imasunga asidi wake. Bungwe la alimi la KWV, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1918 ndipo likulu lake lili ku Paarl, lidalamulira mitengo ndi kuchuluka kwa zokolola kwa zaka zambirimbiri, ndipo makopaletivu ankalipira mlimi potengera kulemera kwa mphesa zake. Wobweretsa matani ambiri ndiye ankaseka. Steen idapita ku brandy, idapita ku vinyo wotchipa wa m'makatoni, idapita kulikonse kumene kunkafunika madzi a mphesa ochuluka. Vinyo wotsekemererako wotchedwa Lieberstein, amene adatuluka mu 1959 ndipo Steen idali m'kati mwake, adafika pokhala vinyo wa m'botolo wogulidwa kwambiri padziko lonse m'zaka za m'ma 1960. Pofika 1990, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a minda ya mphesa za vinyo m'dzikolo lidali Steen. Ndalama inkabweretsa, koma ulemu idalibe.

Tsankho la apartheid litatha mu 1994, misika ya kunja idatseguka, ndipo ogula a ku London ndi kwina ankafuna mayina omwe adawazolowera: Cabernet Sauvignon, Shiraz, Chardonnay, Sauvignon Blanc. Mathirakitala adalowa m'minda kuzula Steen. Yoyamba kuzulidwa idali mipesa yokalamba, ndipo mlimi simungamudzudzule. Mpesa wachinyamata wothiriridwa m'chigwa ukhoza kupereka matani 20 kapena kuposa pa hekitala. Wokalamba wa m'phiri, wodalira mvula yokha, mwina matani 3 kapena 4. Ngati wogula akulipira mtengo umodzi pa tani, mpesa wokalamba ndi mlendo amene akungodya nsima osagwira ntchito. Mlimi wa fodya ku Kasungu amaidziwa nkhani imeneyi: kulipidwa pa sikelo yokha n'kosiyana ndi kulipidwa poyang'ana giredi.

Chimene chidapulumutsa mipesa ina ndi umphawi wa deralo. Swartland sidali ngati Stellenbosch kapena Franschhoek, kumene kuli mageti oyera, misewu ya mitengo ya oak ndi ndalama zobzalira zatsopano. Kudali kwa alimi a tirigu, kotentha, kopanda madzi othirira okwanira, ndipo minda yambiri yakale idangosiyidwa momwemo. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 opanga vinyo achinyamata, amene sakadakwanitsa kugula malo ku Stellenbosch, adayamba kuzungulira m'mafamu amenewa kufunsa mphesa za m'minda yonyozekayo. Eben Sadie adakhazikika ku Paardeberg. Adi Badenhorst ndi msuweni wake adagula famu ya Kalmoesfontein m'phiri lomwelo. Chris ndi Andrea Mullineux adayamba ntchito yawo mu 2007. Adapeza kuti timphesa tochepa ta mpesa wokalamba tili ndi kukoma kokhathamira kumene mpesa wothiriridwa sungapereke, monga momwe nkhuku ya lokolo imasiyanirana ndi ya chizungu ya masabata asanu ndi limodzi. Kuyambira 2010 mpaka 2015 ankachititsa chikondwerero chotchedwa Swartland Revolution m'tawuni ya Riebeek-Kasteel, ndipo olemba za vinyo a ku Ulaya ndi America adayamba kukwera ndege kudzaona dera limene kale ankangolidutsa.

Koma dzina limene ine ndimaliika patsogolo ndi la mayi wina, Rosa Kruger. Iyeyu adaphunzira zamalamulo, koma adatembenukira ku ulimi wa mphesa, ndipo kuyambira 2002 adayamba kuyenda famu ndi famu kulemba m'kaundula minda yakale imene idatsala. Ntchito yakeyo idabala bungwe la Old Vine Project mu 2016, ndipo kuyambira 2018 vinyo wochokera m'munda wa zaka 35 kapena kuposa akhoza kukhala ndi chidindo cha Certified Heritage Vineyards, chosonyeza chaka chimene mundawo udabzalidwa. Gawo lalikulu la minda yokalambayi ndi Chenin. Nzeru yake ndi yosavuta: wogula akadziwa zaka za munda amalolera kulipira zambiri, wopanga vinyo amawonjezera mtengo wa tani, ndipo mlimi amapeza chifukwa chosiyira thirakitala m'shedi. Munda wa Chenin umene umadziwika kuti ndi wakale kuposa yonse m'dzikolo uli ku Stellenbosch, umatchedwa Mev. Kirsten, ndipo mipesa yake ina idabzalidwa cha mu 1905, John Chilembwe asadaukire atsamunda. Mpaka lero ikubereka.

Kalimidwe kake n'kofunika kukaona ndi maso. M'minda yamakono mipesa imayanga pa mawaya, ngati mpanda. Ya ku Paardeberg yambiri ilibe waya kapena mtengo wogwiriziza. Thunthu lake ndi lalifupi, lokhakhala, lopindikapindika ngati dzanja la gogo, ndipo nthambi zimatuluka mozungulira ngati chikho. Masamba amagwera pansi mbali zonse n'kupanga ambulera, mphesa zili m'kati mwa mthunzi, dothi la patsinde osauma msanga. Kufupikako kumathandizanso pa mphepo ya kum'mwera chakum'mawa imene imawomba mwamphamvu m'chilimwe, ija anthu a ku Cape Town amaitcha Cape Doctor. Amabzala motalikirana kuti mpesa uliwonse ukhale ndi dothi lokwanira lofunamo chinyezi. Pamwamba, dothi la Paardeberg ndi mchenga wochokera ku mwala wa granite wofumbutuka, koma pansi pali dongo limene limasunga madzi a mvula ya mu Juni mpaka Januwale, ndipo mizu ya mpesa wokalamba idafika kale kumeneko. Cha ku phiri la Kasteelberg dothi ndi la miyala yopyapyala yosweka m'magawo, ndipo odziwa amati vinyo wake amasiyana kakomedwe ngakhale mphesa ndi imodzi.

Chinthu china chodabwitsa n'choti pafupifupi mpesa uliwonse ndi zomera ziwiri. Mu 1886 kachilombo kotchedwa phylloxera, kamene kamayamwa mizu ngati nsabwe, kadafika ku Cape n'kuwononga minda yambiri, monga kadachitira ku Ulaya. Mankhwala ake adapezeka kuti ndi kumezanitsa: mizu ya mpesa wa ku America, umene kachilomboka sikaupha, ndi nthambi ya Chenin pamwamba. Amene adaonapo mango kapena malalanje omezanitsa ku nazale wamva kale.

Ntchito yaikulu ya chaka ndi kudulira, mu Julayi ndi Ogasiti, mipesa itayoyola masamba n'kugona. Apa m'pamene pamaoneka mmisiri. Pa nthambi iliyonse amasiya maso awiri okha, ndipo akalakwitsa podula, bala lake limalowetsa matenda amene amapha thunthu pang'onopang'ono. Mpesa wa zaka 60 ukhoza kufa ndi dzanja la munthu mmodzi wothamangira kuweruka. N'chifukwa chake a Old Vine Project amaphunzitsa antchito a m'mafamu kadulidwe koyenera mipesa yokalamba. Kukolola kumayamba kumapeto kwa Januwale mpaka mu Febuluwale. Makina sangathe kukolola mpesa wopanda waya, ndiye zonse ndi manja, munthu atawerama kuyambira mbandakucha kuti mphesa zifike mosungira zisadatenthedwe. Amene adazulapo mtedza tsiku lonse akudziwa zimene msana umanena madzulo ake.

Mwina mukufunsa kuti bwanji sitibzala kwathu kuno, poti dzuwa tili nalo. Vuto ndi nthawi ya mvula. Phava la Chenin ndi lothinana, mphesa kukanikizana ngati anthu mu minibasi ya ku Ndirande, ndipo madzi akalowa pakati pake nthawi yakupsa, chuku chimagwira phava lonse n'kuwola. Kwathu mvula imagwa nthawi yotentha, imene mpesa umafuna kouma. Mpesa umafunanso nyengo yozizira yoti ugone. Komabe sikuti n'zosatheka m'chigawo chathu chino: ku Dodoma m'dziko la Tanzania, komwe ndi kouma, amalima Chenin Blanc ndipo amakolola kawiri pachaka.

Kulimba kwa mipesa yosathiriridwa kudaoneka pa chilala cha 2015 mpaka 2018, chija mzinda wa Cape Town udatsala pang'ono kutseka mipopi, munthu aliyense n'kumaloledwa malita 50 okha patsiku. Madamu ataphwa, alimi odalira kuthirira adachepetsedwa madzi, ndipo zokolola za 2018 zidatsika kwambiri m'dziko lonselo. Mipesa ya ku Swartland nayo idavutika, idabereka timphesa tochepa ndi tating'ono. Koma idali itazolowera kale kudzifunira madzi. M'dziko limene likunka litentha, mlimi aliyense, wa mphesa kaya wa chimanga, akuyenera kuchita chidwi ndi mbewu yotere.

Funso la amene akupindula silidathe. Mu 2012 antchito a m'mafamu a mphesa zodya ku De Doorns adanyanyala ntchito, kukana malipiro a R69 patsiku, ndipo sitalakayo idafalikira m'matawuni ena a Western Cape. Boma lidakweza malipiro otsikitsitsa kufika pa R105 kuyambira mu Malichi 2013. Malipiro akhala akukwera kuchokera pamenepo, koma ntchito yambiri ikadali ya nyengo yokolola yokha, yogwiridwa ndi amayi komanso anthu obwera kuchokera ku Eastern Cape, Lesotho ndi Zimbabwe. Minda yambiri ikadali m'manja mwa azungu. Botolo limodzi la Chenin wotchuka likhoza kudula kuposa zimene wokolola mphesa zake amalandira pa masiku angapo. Ine ndimaona kuti chidindo cha zaka za mpesa n'chabwino, koma chikadakoma koposa chikadamanenanso za munthu amene adaudulira zaka zonsezo. Pakadali pano wogula amene zimamukhudza akhoza kuyang'ana chizindikiro cha Fairtrade kapena cha WIETA, bungwe loona za kasamalidwe ka antchito m'mafamu a vinyo.

Zitseko zina zikutseguka ndithu. Ntsiki Biyela, wochokera ku Mahlabathini ku KwaZulu-Natal, adagwirapo ntchito ya m'nyumba asadapeze thandizo lokaphunzira za vinyo ku Stellenbosch, ndipo mu 2004 adakhala mayi woyamba wachikuda kugwira ntchito yopanga vinyo m'dzikolo. Lero ali ndi kampani yakeyake, Aslina, dzina la agogo ake, ndipo Chenin Blanc ali m'gulu la vinyo wake. Nkhani ya Joseph Dhafana ndiye ingawakhudze kwambiri abale athu amene ali m'magadeni ndi m'makhitchini a ku Cape. Iyeyu adachoka ku Zimbabwe mu 2009 zinthu zitavuta, adafika ku Riebeek-Kasteel n'kuyamba ntchito ya m'gadeni pa lesitilanti ina, kenako kutsuka mbale, kenako kuperekera zakudya. Vinyo adamulawa koyamba ali wamkulu kale. Adaphunzira mpaka kukhala sommelier, katswiri wosankha ndi kupereka vinyo, pa lesitilanti yotchuka ya La Colombe ku Cape Town. Mu 2017 iye ndi anzake atatu, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, adaimira Zimbabwe pa mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo pongolawa, ku France. Filimu ya Blind Ambition ya 2021 imafotokoza ulendo wawo.

Riebeek-Kasteel yeniyeniyo ndi katawuni kakang'ono. Kuchokera ku Malmesbury mumakwera msewu wa R46 kudutsa pampata wa Bothmanskloof, ndipo mukangotsetsereka chigwa chonse chimatseguka pansi panu: minda ya mphesa, mitengo ya maolivi, nsanja ya tchalitchi pakati. Pali bwalo, timasitolo ta zojambula, ndi khonde lalitali la Royal Hotel pomwe anthu amakhala kudikira kuti dzuwa lipepe. Makilomita ochepa kuchokera apo pali Riebeek West, ndipo m'mafamu a m'mbali mwake mudabadwira nduna zazikulu ziwiri za dzikolo, Jan Smuts ndi D.F. Malan, uja boma lake lidayambitsa apartheid mu 1948. Kachigwa kamodzi, mbiri yolemera chotero. Minibasi zoyenda m'mafamu musaziyembekezere, pamafunika galimoto, ndipo mafamu ambiri a ku Paardeberg amafuna muyambe mwapangana nawo tsiku. Woyendetsa asalawe, kapena alawe n'kulavula. M'zipinda zolawira vinyo mumakhala chotengera cholavuliramo, ndipo kulavula kumeneko si mwano.

Nanga amakoma bwanji? Chenin wamng'ono, wosungidwa m'mathanki achitsulo, amanunkhira gwafa, apozi wobiriwira ndi chinanazi, ndipo amatsuka m'kamwa ngati madzi a mandimu. Wa mipesa yokalamba, amene nthawi zambiri amawira ndi kukhala m'migolo yakale ya thabwa, ndi wolemera, wa fungo la uchi ndi udzu wouma, ndipo kwa ine amandikumbutsa masuku akupsa bwino. Ambiri mwa amenewa alibe shuga, ngakhale fungo limanamiza. Aliponso wotsekemera kwambiri, wopangidwa ndi mphesa zoyanikidwa mpaka kufota, komanso wa thovu. Musamuziziritse mpaka kuchita chisanu m'mano, fungo lonse limabisala. Kumutulutsa mu fuliji mphindi 15 musadathire kumakwanira. Pa lebulo, mawu oti W.O. Swartland akutanthauza kuti mphesa zonse zidachokera m'deralo, motsatira malamulo amene adayamba mu 1973. Kwa wongoyamba, Secateurs wa Badenhorst, amene dzina lake ndi la sizasi yodulira mipesa, ndi wosaboola thumba kwambiri.

Pa chakudya mpamene Chenin amaonetsa chifukwa chake eni dera amamukonda. Nyanja ya Atlantic ili pafupi, yozizira ndi yodzaza nsomba. Yotchuka ndi snoek, yaitali, ya mafuta ndi minga zazitali, imene amaiwotcha pamakala akuipaka jamu wa maapurikoti wosakaniza ndi batala ndi adyo, n'kudyera mbatata yotsekemera. Nsomba ndi jamu, eti. Zimamveka zachilendo mpaka mutalawa. Kuwawasa kwa vinyoyu kumadula mafuta a nsombayo, fungo lake la zipatso n'kugwirizana ndi jamu uja. Ku Velddrif, pa mtsinje wa Berg, amayanika tinsomba ta mchere totchedwa bokkoms m'mitolo yolendewera, ndipo Mmalawi aliyense amene adadyapo bakayawo adzamva ngati wafika kwawo. Amadya ndi buledi wopaka batala, ndipo mchere wake umafuna Chenin wamng'ono wozizira bwino.

Ndiye pali zakudya za Cape Malay, zochokera kwa zidzukulu za akapolo ndi andende a ndale amene adatengedwa ku Asia. Kale wawo sawawa kwambiri, amanunkhira sinamoni ndi zokometsera zina ndipo amatsekemererako. Bobotie ndi nyama yogaya yothira kale, yophikidwa mu uvuni ndi mazira ndi mkaka pamwamba, yodyera mpunga wachikasu wa mphesa zouma. Pa Pasaka mabanja ambiri ku Cape amadya nsomba yoviikidwa mu viniga, anyezi ndi kale. Vinyo wofiira wolemera amalimbana ndi zakudya zotere, pomwe Chenin wokhathamira amayenda nazo bwino. Chosangalatsa n'choti eni ake ambiri a maphikidwe amenewa, a ku Bo-Kaap, ndi Asilamu ndipo samwa n'komwe. Iwo amatsitsira ndi tiyi, ndipo chakudyacho sichichepa kukoma.

Za m'mbale zathu, apa ndikunena maganizo anga. Chambo chowotcha chofinyira ndimu ndi Chenin wamng'ono ndi ukwati wosafuna ankhoswe. Usipa wokazinga wouma bwino nawonso umalola. Nkhuku ya lokolo ya msuzi wa tomato ndi mpunga wa Kilombero imafuna uja wa mipesa yokalamba. Chimene ambiri sangachiganizire ndi ndiwo zotendera: nkhwani kapena chisoso cha nsinjiro, ngakhale futali, chifukwa mafuta a mtedza amafuna chinthu chowawasa chotsuka lilime. Pa tsabola chenjerani. Mukathira Nali kapena kambuzi wambiri, vinyo wopanda shuga amasanduka moto m'kamwa, ndiye bola wotsekemererako. Kanyenya wa mbuzi musiyireni zakumwa zina.

Kumbukiraninso mphamvu yake. Mowa wa m'botolo umene ambiri adauzolowera uli ndi mphamvu pafupifupi 5 peresenti, pomwe Chenin amakhala pakati pa 12 ndi 14. Tambula imodzi yodzaza si chinthu chomwera ludzu. Botolo limodzi ndi la anthu anayi kapena asanu pa chakudya, ana osafika zaka 18 ayi, ndipo mayi woyembekezera asayandikire ngakhale pang'ono, pa chifukwa chomwe mafamu a dop adationetsa kale.

Osamwa mowa, amene m'mabanja mwathu ndi ambiri, asaganize kuti ulendowu si wawo. Nyengo yokolola, m'timasitolo ta m'mbali mwa msewu mumapezeka mosbolletjies, mabanzi ofewa amene mwamwambo amafufumitsa ndi madzi a mphesa ongoyamba kuwira m'malo mwa yisiti, onunkhira aniseed. Mumapezekanso moskonfyt, madzi a mphesa owiritsa mpaka kukhala ngati uchi wakuda, ndi korrelkonfyt, jamu wa mphesa zathunthu amene amadyera snoek uja. Maolivi a ku Riebeek ndi mafuta ake amagulitsidwa chaka chonse. Mabanzi aja akatsala amawadula n'kuwaumitsa mu uvuni, ndipo akauma saonongeka msanga, moti amapirira ulendo wonse wa pa basi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, n'kukafika ku Blantyre akadali oti n'kuviika mu tiyi.